Chitsime cha Agogo a Zefaniya

Munthu akamakumba chitsime ali pansi, pamwamba pamafunika wina womukokera dothi. Nanga kwathu ankakoka ndani? Ndinafunsa amuna anga, ndinafunsa amayi, ndinafunsa ngakhale mkulu wa mpingo amene anabwera kudzatipempherera. Onse ankangoyang'ana timilu ta dothi tomwe tinali kuseri kwa nyumba yanga, kenako n'kuyamba nkhani ina.

Inu si a kwathu, ndiye a Zefaniya simunawadziwe. Sonkhezani motowo ndikuuzeni.

Anali agogo anga aamuna, bambo awo a amayi. M'mudzi mwathu anali obwera. Anachokera kuseri kwa Dzalanyama ali mnyamata, n'kudzakwatira agogo aakazi ndi kukhala pachikamwini. Amati tsiku lomwe anafika, apongozi awo anawalozera nkhokwe yopendekeka, iwo n'kuvula malaya. Kuchokera pamenepo malayawo ankangowavala Lamulungu.

Palibe nyumba ya m'banja mwathu imene sanaifolere. Njerwa ankaumba okha ndi kuotcha okha. Mipini, magoli a ng'ombe, mipando, zitseko, zonse zinkatuluka m'manja mwawo. Nsapato yanga ya kusukulu itang'ambika anaisoka ndi waya, ndipo inandifikitsa Fomu 4. Kudya ankadya chonjuta, diso lili pa chinthu china chofunika kukonza. Pamaliro, anzawo atakhala pansi pa mtengo, iwo ankapita kukanola makasu a adzukulu okumba manda. Zikhatho zawo zinali ngati khungwa la mtengo wa msuku, ndipo akakugwira pamutu tsitsi linkakodwa m'ming'alu.

Sankakalipa, sankamenya. Akakupeza uli chete ankangokuika kanthu m'manja n'kunena kuti, "Gwira apa." Mwana aliyense akangoyamba kuyenda bwinobwino ankamusemera kakhasu kolingana ndi msinkhu wake. Ankati palibe munthu wochepera ntchito, umangomupatsa yomukwana.

Agogo aakazi anamwalira ine ndili Fomu 2. Agogo aamuna anatsala pakati pathu, n'kumagwirabe.

Chaka chatha mjigo wa m'mudzi unkangowonongeka. Agogo atandiona ndikuchokera kudambo ndi ndowa pamutu, mwana wanga Tinyade akundikoka chitenje, anati andikumbira chitsime kuseri kwa nyumba. Anali atakalamba, msana utapindika, koma pansi ankalowa okha ndi mgwala, chitsulo chawo chokumbira. Wokoka ndowa anali amuna anga, a Lufeyo, omwe ankadandaula tsiku lonse.

"Agogo, boma lidzakonza mjigo."

"Koka."

"Ine ndine mkamwini wamakono, agogo. Timapuma."

"Koka, dothi likuuma."

Dzenje linazama mpaka munthu ukasuzumira unkangoona imvi zawo. Dothi linayamba kutuluka lozizira, lonunkhira madzi. Tsiku lina masana anatuluka m'dzenjemo, anapita pansi pa mtengo wa mango, anakhala pansi n'kutambasula miyendo. Amayi atawaona atakhala pansi dzuwa lili pamutu, anataya lichero n'kuthamanga. Anapeza atatisiya kale.

Tinawaika kumanda a kwathu. Kuchokera kwawo sikunabwere munthu, chifukwa sitinkadziwa woti timutumizire uthenga.

Ine ndine wamantha, sindibisa. Madzi akumwa ndimathira mankhwala, mwana akangotentha thupi pang'ono ndili kale panjira ya kuchipatala. Choncho maliro atangotha ndinaumiriza a Lufeyo kuti atseke dzenje lija. Anayalapo mitengo, pamwamba malata akale, pamwamba pake miyala ikuluikulu. M'mawa uliwonse ndinkapita kukaona ngati zonse zili m'malo.

Choyamba kusowa chinali chingwe chomangira mbuzi. Tinati ana a m'mudzi atenga. Kenako kunasowa kakapu kofiira ka Tinyade, komwe ankamwera phala. Chodabwitsa n'chakuti mwanayo sanalire. Kale ukangokagwira ankagubuduka pansi.

Ndiye panabwera timilu tija. M'mawa wina ndinapeza pambali pa malata pali timilu ta dothi lonyowa, tating'ono, tondandalikidwa bwinobwino mumzere. Kunali kotentha, mwezi wa Okutobala, panthaka paliponse pali gwa. Dothi lonyowa likanachokera kuti?

"Mfuko imeneyo," anatero a Lufeyo.

"Mfuko imayala dothi mumzere?"

"Ya kuno inaphunzira kwa agogo. Amake Tinyade, inu mukaona nyerere mumati njoka."

Anaseka, anapondaponda timiluto n'kumapita. M'mawa mwake tinalipo tina, tochulukirapo.

Masiku omwewo ndinayamba kumva kugunda. Sikunali phokoso lomveka m'makutu kwenikweni. Kunkabwera kudzera pamphasa, ngati wina akusinja kutali pansi pa nthaka. Kunkayamba atambala akamalira kachiwiri, nthawi imene agogo ankadzukira. Ndikafuna kudzuka kuti ndikaone, tulo tinkandipanikiza ngati andiika thumba la chimanga pachifuwa. Ndinkadzidzimuka kutayera, Tinyade ali pambali panga, chitseko chili chopiringidza monga ndinachisiyira.

Galu wa amayi anasiya kudutsa kuseri kwa nyumba yathu. Nkhuku zokha n'zimene zinkapitako, kukapalasa dothi lonyowalo.

Tsiku lina kunadutsa mayi wina wogulitsa mchere, wosadziwika kwathu. Anapempha madzi. Ali mkati momwa anafunsa kuti, "Madala aja aweruka?"

"Madala ati?"

"Okumba chitsime. Ndadutsa pano m'mawa kusanayere bwino, ndinawamva akutsokomola pansipo. Ndinapereka moni, anandiyankha bwinobwino. Olimbikira zedi. Koma mwanayu musamamusiye yekha pakamwa pa dzenje, mayi. N'zoopsa."

"Mwana uti?"

Anayang'ana Tinyade, amene ankasewera pakhonde. Kenako anayang'ana nkhope yanga. Anaika kapu pansi madzi asanathe, anasenza dengu lake, osatsanzika.

Ndinaitana mwana ndi kumutambasula manja. M'zikhatho monse munali matuza, ena ataphulika, ndipo pakati panali mzere wofiira wodutsa chopingasa. Ndinkamusambitsa tsiku lililonse. Sindikudziwa kuti maso anga anali kuti.

"Wapsa ndi chiyani, Tinya?"

"Sindinapse."

"Nanga izi?"

Anabweza manja ake n'kuwabisa m'khwapa. "N'za ntchito," anatero.

Anali ndi zaka zinayi.

Loweruka lotsatira ndinaona ndi maso anga, ndipo kunali masana, dzuwa lili phwee. Tinyade ndinamugoneka m'nyumba n'kupita kukaanula ufa kwa amayi, pafupi pomwepo. Pobwera ndinapeza pamphasa palibe munthu. Ndinazungulira kuseri. Lata limodzi linali litasunthidwa, mwala umene a Lufeyo ankaunyamula mobuula uli pambali. Tinyade anali atagona chafufumimba, mutu ndi mapewa zili pamwamba pa dzenje, akukoka chingwe cha mbuzi chija pang'onopang'ono, dzanja ili, dzanja ili. Kunsonga kwake kunatuluka kakapu kofiira kodzaza dothi. Anakakhuthula mosamala pamapeto pa mzere, n'kukabwezanso pansi.

Sindinakuwe. Ndinaopa kuti akadzidzimuka agwera. Ndinayenda chokwawa mpaka ndinamugwira mwendo, n'kumukokera kwa ine.

"Amayi, musagwedeze," anatero. "Dothi likuwagwera m'maso."

Chingwe chinali chidakali m'manja mwake. Ndinachiona chikukokedwa kawiri kuchokera pansi, modekha, monga ankachitira agogo ndowa ikadzaza. M'dzenjemo sindinasuzumire. Fungo lokha ndi limene linandipeza, la thukuta ndi dothi, fungo limene ndinakula nalo.

Madzulo ake a Lufeyo sanaseke. Anaitana anzawo, anagwetsera m'dzenjemo miyala yonse, zidutswa za njerwa, ndi dothi la pachulu mpaka linadzaza. Usiku ndinamanga mwendo wa Tinyade ku dzanja langa ndi chitenje. Kutacha ndinapeza chitenjecho chitamangidwa ku mwendo wa tebulo, ndi mfundo yokongola imene ine sindiidziwa kumanga kwake. Mwana anali m'tulo pambali panga, mapazi ali matope. Kuseri, miyala yonse inali itatulutsidwa ndi kusanjidwa bwino, ikuluikulu payokha, ing'onoing'ono payokha. Zidutswa za njerwa zinali zitaunjikidwa pafupi ndi khoma la bafa pamene panagumuka.

Amayi anaima pamenepo nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Kenako anati, "Tiye kwa amalume."

Amalume awo ndi a Lomosi, mlongo wawo wa agogo aakazi, amene anali nkhoswe ya ukwati wa agogo. Tinawapeza pakhonde akupichira fodya. Anamvetsera zonse osaphethira.

"Ndiye mukudabwa chiyani?" anatero. "Alamu anayamba lero kugwira ntchito?"

"Amalume, mwanayu afera m'dzenje. Abambo sitinawasudzule," anatero amayi.

A Lomosi ananyambita pepala la fodya wawo.

Mukudziwa mmene zimakhalira. Mkazi akamwalira, maliro akatha, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi. Akuchikazi amauza mwamunayo kuti ukwati watha, ntchito yako pano yatha, ndiwe mfulu. Akwawo amayankha kuti tamulandira munthu wathu. Akafuna kutsala amatsala, koma amatsala ngati mlendo wolemekezeka, osati mkamwini. Kwa agogo zimenezi sizinachitike.

"Ndinkati tikakolola," anatero a Lomosi. "Titakolola nkhokwe yanga inagwa. Ndikanamumasula, n'kunyamuka kupita kwawo, akanandiimikira ndani? Iwe?"

"Zaka zonsezi, amalume?"

"Usandiyang'ane choncho. Chaka chachiwiri ndinafuna kuitana anthu. Anabwera kuno ndani kudzati amalume dikirani kaye, abambo andiotchere njerwa?"

Amayi anayang'ana pansi.

"Tonse tinadya nawo thukuta lake," anatero a Lomosi. "Ndipo mwini wake sanafunsepo. Munthu wake uja akanafunsa?"

"Ndiye tichite bwanji?" ndinafunsa ine.

"Timusudzule. Kuchedwa si kulephera. Pezani nkhuku."

"Nanga akwawo?"

Anakanda m'mutu. Nkhoswe ya kwawo kwa agogo inamwalira amayi asanakwatiwe, ndipo kuchokera pamenepo palibe anapondako. A Lomosi anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Mwamuna wako uja si wobwera naye? Akhale mbali inayo. Chofunika n'chakuti pakhale pakamwa poyankha."

Mtima wanga sunakondwe nazo. Ndinanena kuti bwanji tiyambe tafufuza abale awo enieni. A Lomosi anandifunsa ngati mwana wanga angadikire. Ndinapita kukagwira nkhuku.

Tinasonkhana kuseri kwa nyumba dzuwa litapendeka. A Lomosi anavala jekete. Amayi ndi ine tinakhala kumbuyo kwawo, Tinyade ndili naye pamiyendo, ndamukumbatira zolimba. Tsidya lina la dzenje kunakhala a Lufeyo okha pa njerwa.

"Ndiye ine lero ndine wa kuseri kwa Dzalanyama," anatero, akuyesa kuseka. Palibe anawathandiza.

Pansi pankagunda. Tonse tinkamva m'mapazi, ngakhale palibe ananena.

A Lomosi anaomba m'manja mwaulemu n'kuyamba. "Alamu, ndine Lomosi. Mlongo wanga anapita kale, mukudziwa. Ife tinachedwa kukuuzani mawu, kulakwa n'kwathu. Munafolera, munalima, munalera. Pano palibe chimene mwasiya. Ukwati watha, alamu. Ikani mgwala pansi. Tikukuperekani kwa abale anu, ndi awo ali apowo."

Kugunda kunasiya. Kunakhala zii, moti ndinamva nkhuku ija ikupuma m'manja mwa amayi.

A Lomosi anakodola a Lufeyo ndi chibwano.

"Tamulandira munthu wathu," anatero a Lufeyo. "Tipita naye kwathu."

"Pitani naye bwino."

Amayi anapereka nkhuku. A Lufeyo anailandira ndi manja awiri, anaimirira, n'kulowera kunyumba kwathu. Akanalowera kuti? Tinyade anatembenuza mutu n'kumawatsatira ndi maso mpaka pakhomo. Koma maso akewo sanali pa bambo ake. Anali kumbuyo kwawo pang'ono.

Dzenje tinalikwiriranso ndipo linakhala lokwiririka. Timilu sitinaonekenso. Matuza a mwana anapola. Mvula inagwa, tinadzala, ndipo ine ndinayamba kugona ngati munthu. A Lomosi ankauza aliyense wodutsa kuti nkhani zovuta zimafuna akuluakulu.

Chitseko chathu chinali ndi vuto lokhula pansi, umachita kuchinyamula potsegula. M'mawa wina chinatseguka chokha mofewa.

"Mwakonza chitseko, bambo a Tinyade?"

"Ine? Ndimayesa mwapaka mafuta ndinu."

Pamene pankadontha pakona panasiya kudontha. Mpini wa nkhwangwa umene unkagwedera tinaupeza utakhomeredwa. Tikamadya madzulo, a Lufeyo anayamba kusiya mpando wawo n'kumakhala pamphasa, msana atatsamira khoma. Ndinawafunsa chifukwa. Anati akakhala pampando amamva ngati wina waima kumbuyo kwawo, akudikira kuti amalize.

Tinathawira kwa apongozi anga, ulendo wa tsiku lathunthu pa njinga. Tinagonako masiku ochepa. M'mawa wina apongozi anatuluka akuthokoza mwana wawo kuti wawakonzera mtondo umene unang'ambika kalekale. A Lufeyo anandiyang'ana. Tinamanga katundu tsiku lomwelo. Kuthawa kunalibe phindu, munthu tinamulandira tokha.

Mwezi watha ndinkazira pansi m'nyumba. Nditachotsa kamphasa ka Tinyade ndinapeza mzere wozungulira, wolembedwa bwino ndi chinthu chosongoka, waukulu ngati pakamwa pa chitsime. Pakati pake panali kabowo ka chikhomo. Umu ndi mmene amayambira okumba zitsime: amakhoma chikhomo, amamangapo chingwe, n'kuzungulira. Kabowoko kanali pamalo pamene pamakhala chifuwa cha mwana akagona.

Ndinazira mzerewo mpaka unafafanizika. M'mawa unalipo.

Ndinamukhazika Tinyade pamiyendo. Ndinayesetsa kuti mawu anga amveke ngati tikucheza.

"Agogo akuti chiyani masiku ano?"

"Akuti pano madzi ali pafupi kuposa paja."

"Uwauze kuti mjigo anakonza. Madzi tili nawo."

"Ndinawauza. Akuti udzawonongekanso."

"Ndiye akuti ayamba liti?"

"Mvula ikatha. Akuti dothi liyambe lauma." Anaseweretsa mkanda wa m'khosi mwanga, kenako anawonjeza monyadira. "Akuti ndakula. Ulendo uno wolowa pansi ndine, iwo azikoka. Msana ukuwapweteka."

Sindikhulupirira kuti agogo akufuna kumupweteka. Sanapwetekepo mwana moyo wawo wonse. Akungoona ntchito ndi manja oti aigwire, monga ankaonera kale. Tinawamasula kwa eni mudzi n'kuwapereka m'nyumba momwe muli mdzukulu wawo, ndipo munthu ngati iwo sangakhale m'nyumba ya eni osagwira kanthu.

A Lomosi akuti mwambo sachita kawiri ndi munthu wobwereka. Akuti pakufunika magazi awo enieni, wina woti anene kuti tiyeni kwathu, iwo n'kumudziwa mawu. A Lufeyo apitako kawiri kuseri kwa phiri. Mudzi umene agogo ankautchula anaupeza uli mabwinja, anthu anabalalika kalekale, ena analowera ku Mozambiki. Pano akuonda, amuna anga. Nthabwala zinatha. Timagona mosinthana, wina maso ali pa mwana, koma atambala akalira kachiwiri tonse timapezeka tagona.

N'chifukwa chake mukundiona pamaliro a kutali chonchi, kwa anthu amene sindikuwadziwa bwino. Ndimapita paliponse pamene pasonkhana anthu a midzi yosiyanasiyana. Chimanga chayamba kale kuuma masamba a m'munsi, ndipo mvula ya sabata yatha inali yowaza chabe.

Dzina lawo ndi Zefaniya, mfunda wawo Mbewe. Mudzi ankautchula kuti kwa Kachipande. Anali ndi mlongo wawo dzina lake Dorofina, amene ankati anali ndi chala chimodzi chopindika ku dzanja lamanzere. Ngati mukudziwa mwana wa mayi ameneyo, kapena mdzukulu, ngakhale wa kutali bwanji, chonde mukamuuze abwere kwathu mvula isanathe, adzatenge munthu wawo.